Ku Ankleshwar, kumene amaumba timibulu ta mankhwala a kumunda

Lamlungu

Tafika ku India abale anga. Tinanyamuka pa KIA dzulo masana, kudikira ku Addis Ababa mpaka usiku, m'mawa uno ndiye tikutera ku Mumbai mvula ikukhuthuka osati pang'ono. Kuno ndi dzinja lawo, July yemweyu amene kwathu tikufunda mabulangete awiriawiri, ndipo mpweya wake ndi wonyowa moti ukangotuluka panja malaya amamatirira pathupi. Nthawi ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye amene mumandiimbira madzulo dziwani kuti kuno kumakhala kuli usiku kale.

Kwa amene simukudziwa chimene ndabwerera, ine ndimagulitsa zipangizo za ulimi, ndiye kampani ina imene timaodako mankhwala yaitana ma agro-dealer angapo a ku Malawi ndi ku Zambia kuti tikaone fakitale yawo ku Gujarat. Anzanga ena abwerera mitengo, ine chimene chandidzutsa ndi mankhwala a timibulu aja olembedwa WG kapena WDG pa paketi, kutanthauza timibulu tophwasuka n'kubalalika m'madzi. Masiku ano adzaza m'mashelefu, Actara 25 WG, Confidor 70 WG, Ridomil Gold MZ 68 WG ndi ena ambiri, ndipo alimi a tomato ndi a nazale za fodya amandifunsa mafunso awiri omweomwewo chaka ndi chaka: bwanji akudula kuposa a ufa, komanso bwanji nthawi zina amasiya matope pansi pa sipuleya. Fakitale imene tikupitayi sipanga mayina ndatchulawa, imapanga ake, koma kaumbidwe kake nkofanana.

Takwera sitima ya Western Railway kulowera kumpoto. Mukangolowa m'Gujarat mumayamba kuona machumuni ku Vapi, kumene kampani ya UPL inayambira mu 1969 ikupanga red phosphorus, lero ndi imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse pa mankhwala a mbewu. Kenako Valsad, Surat, ndiye Ankleshwar kutada. Ndatopa, zambiri mawa.

Lolemba

Fakitaleyi ili m'dera la mafakitale lokhalokha limene amati GIDC, dzina la bungwe la boma la Gujarat limene linakhazikitsidwa mu 1962 kuti lizigawa malo a mafakitale. Misewu yake ndi ya mathanki ndi malole basi, fungo la makemikolo limakupezani musanatsike m'galimoto. Pa geti atilanda mafoni, atipatsa zipewa zolimba, magalasi, masiki ndi nsapato, ndiye musadabwe kuti zithunzi za mkati palibe.

Lero sitinaone makina akuyenda, tatha tsiku lonse m'nyumba yosungira katundu ndi bambo wina wachikulire amene amayang'anira za kasakanizidwe. Anatenga paketi ya 25 WG n'kutifunsa kuti mu kilogalamu imodzi mankhwala enieni opha tizilombo ndi ochuluka bwanji. Yankho ndi magalamu 250. Ridomil uja wa 68 ndiye kuti magalamu 640 a mancozeb kuphatikiza 40 a metalaxyl-M. Ndiye funso lake linali lakuti, nanga zotsalazo ndi chiyani? Achimwene ena a ku Chipata amene tili nawo anayankha kuti zongodzazira kuti paketi ilemere, bambo aja anapukusa mutu mwamphamvu n'kuyamba kutitsegulira matumba limodzilimodzi.

Vuto loyamba nlakuti mankhwala ambiri oterewa samasungunuka m'madzi ayi, ndipo ena amakana ngakhale kunyowa kumene, mukawathira pamadzi amangoyandama. Ndiye pali chonyowetsera, mtundu wa sopo, ena amagwiritsa ntchito sodium lauryl sulfate yemwe uja amapezekanso mu mankhwala otsukira mano, ntchito yake ndi kulola madzi kuti alowe mpaka mkati mwa kambulu. Chachiwiri, ndipo ichi bambo aja amachiona ngati mtima wa zonse, ndi chobalalitsa. Anatsegula thumba la ufa wa bulauni wonunkhira utsi wa nkhuni, dzina lake lignosulfonate, umachokera ku mitengo, ndi zotsalira za kumafakitale opanga mapepala. Umenewu umakuta kachidutswa kalikonse ka mankhwala n'kukapatsa mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kanzake, ndiye tizidutswa timakankhana m'malo mogwirana, n'chifukwa chake timakhala tikuyandama m'madzi nthawi yaitali osadikha. Palinso ena opangidwa kuchokera ku naphthalene amene amawasakaniza ndi ameneyu. Mukaona timibulu ta sulphur 80 WG tili ta bulauni pomwe sulphur weniweni ndi wachikasu, ndi lignosulfonate ameneyo.

Kenako zodzazira zija, zilipo ndithu koma nazonso zimasankhidwa. Dongo loyera la kaolin, silica, nthawi zina ammonium sulphate, eya feteleza yemweyo, chifukwa iye amasungunuka msanga n'kusiya timabowo m'kambulu timene madzi amalowerapo, ena amaika lactose kapena sitachi. Pomaliza kadontho ka silicone koletsa thovu. Resipi yeniyeni, kuti ichi chingati ichi chingati, anakana kutiuza ndipo ndikumvetsa, pamenepo ndi pamene makampani amasiyanirana ngakhale pa lebulo atalemba mankhwala amodzimodzi ndi nambala imodzimodzi.

Ndinafunsa za cypermethrin kuti bwanji iye timangomuona wa m'botolo. Akuti mankhwala amene ali amadzimadzi kapena amene amasungunuka ndi kutentha pang'ono amavuta kuwaumba, amamata m'chigayo, ndiye nkosavuta kuwasungunula mu mafuta n'kukhala a m'botolo aja olembedwa EC. Timibulu timakonda mankhwala olimba ouma. Anatchulanso kuti amene anatchukitsa kwambiri mtundu umenewu ndi mankhwala opha udzu a sulfonylurea amene George Levitt wa ku DuPont anatulukira mu 1975, oyamba ake Glean anafika pa msika mu 1982 ali timibulu, chifukwa pa hekitala pamangofunika magalamu ochepa ndipo ufa wouluka sukanayezeka bwino.

Lachiwiri

Lero ndiye tsiku limene ndinabwerera. Nyumba ya makina ndi yosanja, katundu amayambira pamwamba n'kumatsika, ndiye nafenso tinayambira pamwamba.

Poyamba amayeza chilichonse pa sikelo n'kuthira mu chosakanizira chachikulu chokhala ndi zitsulo zopotana mkati. Zikasakanikirana zimapita ku chigayo chimene amati jet mill, ndipo chigayo chimenechi chandizunguza mutu chifukwa mulibe nyundo, mulibe mwala, mulibe chilichonse chozungulira chophwanya. Amapopera mpweya wa mphamvu kwambiri m'kachipinda kozungulira, tizidutswa timathamanga n'kumaombana tokhatokha mpaka kuphwanyika, timene tachepa mokwana timatuluka ndi mpweya, tikuluikulu timazungulirabe. Cholinga ndi kufika pa ma micron ochepa, kawirikawiri osafika 10, ndipo dziwani kuti ma micron 1000 ndiwo milimita imodzi. Chifukwa chake nchakuti kachidutswa kakachepa kamachedwa kudikha m'madzi, sikatseka nozo, komanso pa tsamba mankhwala amafalikira paliponse osati apa ndi apo. Phokoso lake ndi loboola makutu ngakhale mutatsekera.

Pamenepa pali ngozi imene ambirife sitiiganizira. Ufa wosalala chonchi ukadzaza mumpweya umatha kuphulika ndi kamoto kakang'ono, makamaka sulphur, ndiye paipi iliyonse ili ndi waya wopita pansi wochotsa magetsi a kukhulana, ndipo pa mankhwala ovuta amagaya ndi nitrogen m'malo mwa mpweya wamba. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anatilandira mafoni.

Ndiye apa mvetsetsani abale. Ufa umene ukutuluka m'chigayomu ndi WP kale, ufa wonyowetsa uja ngati Dithane M-45 amene alimi a tomato ku Ntcheu ndi ku Dedza amamudziwa bwino. Atafuna akanatha kuthira m'mapaketi pomwepo n'kugulitsa. Zonse zimene ndikufotokoze kuyambira apa ndi ntchito yowonjezera, magetsi owonjezera, anthu owonjezera, ndipo ndiyo yankho la funso lija lakuti bwanji WG amadula. Amalipira zonsezi pofuna chinthu chimodzi, kuti ufa umenewu usauluke munthu akamatsegula paketi. Amene munathirapo Dithane kukuomba mphepo mukudziwa mmene fumbi lachikasu lija limakwerera kumaso, ndipo nthawi yosakaniza ndi imene mlimi amakhala pafupi kwambiri ndi mankhwala osasungunula.

Ufa uja amauthira madzi pang'onopang'ono m'makina okanda, madzi ake ochepa, pakati pa 10 ndi 20 pa 100 malinga ndi mankhwala. Akufuna ufike ngati mtanda wa mandasi umene sunakwane madzi, woti ukaufinya m'dzanja ugwirana koma ukaukhudza ndi chala uphwasuka. Mnyamata woyendetsa makinawo ali ndi mageji ake, komabe ndinamuona akutapa ndi golovesi n'kufinya kuti atsimikize, ndipo akuti nyengo ino ya mvula amachepetsa madzi chifukwa ufa umakhala utayamwa kale chinyezi cha mumpweya.

Kuchoka apo zimagwera mu extruder. Ndi dengu lachitsulo lozungulira lokhala ndi timabowo tambirimbiri ta milimita imodzi kapena kucheperapo, mkati mukuzungulira zitsulo zimene zimakankhira mtanda uja pa timabowo, kunja n'kumatuluka tizingwe tonyowa timene timaduka tokha tikatalika pang'ono. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali anzanga atapita kale. Woyang'anira uja anabwerera kudzanditenga n'kundiuza kuti makinawa amakankha mofatsa dala, chifukwa mukapanikiza kwambiri kambulu kamalimba mopitirira, timipata ta mkati timatsekeka, ndiye kakalowa m'madzi kamangokhala chete pansi osaphwasuka. Mukafewetsanso kwambiri kamafumbutuka panjira n'kubwerera kukhala fumbi lomwe lija amalithawa. Ntchito yonse ili pakati pa ziwirizi, kambulu kolimba mokwana kupirira sitima ya pamadzi ndi lole yochokera ku Beira kapena ku Nacala, koma kofooka mokwana kuti kakakhudza madzi kagonje m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Ine chimenechi chandigwira mtima kwambiri, sindinkadziwa kuti m'kanthu kakang'ono chonchi muli kulingalira kotere.

Tizingwe tonyowa tija timapita ku choumitsira chimene amati fluid bed dryer, mpweya wofunda umaomba kuchokera pansi timibulu n'kumavina m'mwamba mpaka kuuma, timaonera pa kawindo kagalasi. Satenthetsa kwambiri, kawirikawiri madigiri 50 mpaka 60, kuopa kuononga mankhwala komanso kuumitsa kambulu gwa. Chinyezi chimatsika kufika pa 1 kapena 2 pa 100. Pomaliza masefa awiri ogwedera, ya pamwamba imagwira zigulumwa, ya pansi imataya fumbi, zapakati ndiye katundu. Zigulumwa ndi fumbi sataya, zimabwerera koyambira.

Pali njira zinanso. Atisonyeza chinsanja chachitali cha spray dryer kumene mankhwala amagayidwa ali m'madzi ndi timikanda, phala lakelo amalipopera pamwamba pa nsanja mu mpweya wotentha, madontho n'kuuma akugwa, amafika pansi ali timibulu tozungulira tating'ono, sulphur amapangidwa choncho. Njira ina yakale ndi ya chimbale chopendekeka chozungulira chimene amawazamo madzi ufa n'kumadziunga wokha, koma kuno anasiya. Ndiye mukatsegula paketi n'kuona timibulu totalika ngati timitengo todukaduka dziwani kuti tadutsa mu extruder, tozungulira tosalala nthawi zambiri ndi ta mu nsanja.

China chimene ndayamikira, mankhwala opha udzu ali ndi nyumba yawoyawo kutali, antchito ake ndi zovala zawo, ngakhale tsache sabwerekana. Kachidutswa kochepa ka sulfonylurea katalowa mu mankhwala a chiwawu kangathe kupinimbiritsa dimba lonse la tomato.

Lachitatu

Labu. Amene amatsogolera ndi mayi wina wofatsa koma wosanyengerera, batchi iliyonse siituluka pa geti iye asanasaine. Njira zoyezera si zawo ayi, ndi za bungwe la CIPAC, zomwezo zimene FAO ndi WHO amagwiritsa ntchito polemba miyezo ya mankhwala, ndiye labu ya ku India ndi ya ku Germany zimayeza mofanana.

Anayamba ndi chophweka, magalamu 5 kuthira pamwamba pa madzi mamililita 100 n'kuwerenga masekondi mpaka zonse zitanyowa. Kenako chachikulu, choona ngati mankhwala akhalabe akuyandama. Amathira mu silinda ya galasi ya mamililita 250, kuitembenuza ka 30, kuisiya chiimire mphindi 30, kenako kukoka ndi kapaipi magawo 9 a pamwamba n'kusiya gawo limodzi la pansi, mamililita 25, ndipo m'menemo amayeza kuti mwadikha mankhwala ochuluka bwanji. Miyezo yambiri ya FAO imafuna kuti osachepera 60 pa 100 akhale akadali m'mwamba. Ganizirani tanthauzo lake kumunda: ngati mankhwala adikha msanga, sipuleya imakoka kuchokera pansi, mizere yoyamba imalandira mankhwala ochuluka mpaka kuwauka, yomaliza imalandira madzi okhaokha, mlimi n'kumadabwa kuti mbozi zafa mbali imodzi ya munda.

Anatichitira dala chionetsero, masilinda awiri, ina ya batchi yabwino ina ya batchi imene anaikana mwezi watha. Mu yoyamba timibulu tinayamba kufuka mtambo tikadali pakati pa madzi tisanafike pansi. Mu yachiwiri tinagwa thi, n'kukhala, ndipo atatembenuza panatsala chimatope chomata pansi. Pa lebulo zonse zikanalembedwa chimodzimodzi.

Palinso sefa ya ma micron 75 imene amatsukirapo mankhwala osungunula kuti aone zotsalira zimene zingatseke nozo, kuyeza thovu pakatha mphindi imodzi, kuyeza fumbi, ndi kugubuduza timibulu m'botolo pa makina kenako n'kusefa kuti aone tingati tafumbutuka. Ndipo pali uvuni umene amasungamo sampulo pa madigiri 54 kwa masiku 14, zimene zimaimira pafupifupi zaka ziwiri za pa shelefu, akatulutsa amayezanso zonse kuyambira poyamba. Zaka ziwiri zija mumaona pa paketi zimachokera pamenepa. Koma mayi aja anatsindika kawiri konse kuti zimenezi ndi za paketi yomata, yosatsegula.

Nkhani ya madzi ndiye inatenga nthawi chifukwa ndinaikoka ndine. Iwo amayezera m'madzi opangidwa dala kukhala olimba, amati Standard Water D. Ndinawauza za mijigo ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imene ina madzi ake ndi amchere moti sopo sachita thovu, ndi za alimi a m'madimba amene amatunga m'zitsime zamatope. Anayankha kuti calcium ndi magnesium wa m'madzi olimba amafooketsa mphamvu yokankhana ija imene chobalalitsa chimapereka, tizidutswa timayamba kugwirana m'magulu n'kudikha, ndiye resipi yabwino imakhala ndi chobalalitsa chopirira madzi otere, yotchipa imagonja. Za matope anati palibe resipi imene ingathandize, madziwo muziwasiya adikhe kaye n'kusefa ndi nsalu. Ndawapempha kuti pa katundu wathu azititumizira zotsatira za batchi iliyonse, avomera.

Lachinayi

Mvula yagwa usiku wonse, fakitale yatipatsa tsiku lopuma ndiye tawoloka mtsinje wa Narmada kupita ku Bharuch. Mtsinje wake ndi waukulu zedi, wofiira ndi matope. Pali mlatho wachitsulo wakale wa Golden Bridge umene unatha kumangidwa mu 1881, pambali pake pali watsopano umene unatsegulidwa mu 2021. Bharuch ndi doko lakalekale, amalonda a ku Greece ankafikapo zaka pafupifupi 2000 zapitazo, ndipo ambiri mwa amwenye a ku Limbe makolo awo anachokera ku Gujarat konkuno, moti nkhope ndi kayankhulidwe ka m'mashopu sizinali zachilendo kwa ine. Amatchuka ndi mtedza wokazinga wamchere, ndagulako. Mowa kuno ndi woletsedwa kuyambira 1960 pamene boma la Gujarat linakhazikitsidwa, ndipo chakudya chambiri ndi chopanda nyama. Msuzi umene tadyera mpunga masana ndi wa nandolo, ndipo mwina ndi wa ku Mulanje kapena ku Phalombe chifukwa mu 2021 India inagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Pobwerera dalaivala anatidutsitsa pa kamtsinje ka Amlakhadi kamene kamadutsa m'dera la mafakitale. Mu 2009 bungwe la boma la India loona za kuonongeka kwa chilengedwe, CPCB, linaika Ankleshwar pa nambala 1 mwa madera a mafakitale oipitsidwa kwambiri m'dziko lonse. Akuti zinthu zasinthako, pali malo oyeretsera madzi oipa a mafakitale onse pamodzi, koma anthu okhala m'mbali mwa kamtsinjeko akhala akupuma zimenezi zaka zambiri. Zandikhudza, chifukwa kutchipa kwa paketi imene ndimagulitsa ku Lilongwe mbali ina kwalipiridwa ndi anthu amenewa.

Lachisanu

Kopakira. Chipinda chake ndi chozizira chouma, ali ndi makina oyamwa chinyezi usana ndi usiku, zitseko ziwiriziwiri, ndipo akuti nyengo ya mvula ino makinawo akangoima ola limodzi amaimitsa kupakira. Mapaketi ndi a aluminiyamu wokutidwa ndi pulasitiki, amamatidwa ndi moto, ndipo ena amawamiza m'madzi kuona ngati akutulutsa mpweya. Zonsezi n'chifukwa chakuti kambulu kanapangidwa kuti kazikoka madzi, ndiye sikasiyanitsa madzi a mu sipuleya ndi chinyezi cha mumpweya. Kakayamwa chinyezi pang'ono n'kuumanso, tizidutswa timamatana kolimba ndipo chobalalitsa sichingathenso kutilekanitsa. Mancozeb ndiye woipirapo, chinyezi ndi kutentha zimamuphwanya n'kutulutsa kemikolo wina wotchedwa ETU amene ndi woopsa ku thanzi la munthu, ndipo mayiko a European Union anasiya kumuvomereza kumapeto kwa 2020.

Apa ndiye ndinayankhula za kwathu mosabisa. M'misika yathu yambiri, makamaka kuyambira nthawi ya mbozi za fall armyworm zija zimene zinachititsa a Peter Mutharika kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 2017, mankhwala amagulitsidwa pa sipuni. Munthu amatsegula paketi yaikulu n'kumapimira m'timapepala ta pulasitiki topyapyala, opanda lebulo, opanda deti, pa benchi padzuwa mwezi wa January mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Zonse ndaona sabata ino, jet mill, extruder, uvuni wa mayi aja, zimathera pa benchi imeneyo m'masiku ochepa. Matope a pansi pa sipuleya amene alimi amadandaula aja, ena ndi a resipi yoipa, ena ndi a madzi, koma ambiri ndikukhulupirira kuti ndi a paketi imene inatsegulidwa kalekale. Ndipo mlimi sindikumuimba mlandu, ali ndi kadimba kakang'ono, akufuna zothira sipuleya imodzi kapena ziwiri, ndalama ya paketi yaikulu alibe. Malamulo alipo, Pesticides Act ya 2000 ndi Pesticides Control Board ya ku Bvumbwe, ngakhale ndondomeko ya FAO ndi WHO imaletsa kupakiranso mankhwala mwachisawawa, koma malinga ngati paketi yaing'ono kulibe sipuni siichoka pa msika.

Ndiye tinakangana kwambiri ndi bwana wa zamalonda. Ine ndi achimwene a ku Chipata aja tikufuna timapaketi tomata ta mlingo wa sipuleya imodzi ya malita 16, munthu ang'ambe, akhuthule zonse, basi, osayeza osasunga. Iye akuti makina alipo ndipo ku India amapanga kale tating'ono totere, koma pepala la aluminiyamu ndi kusindikiza zimakweza mtengo wa galamu iliyonse, komanso lebulo yonse ndi machenjezo ake iyenera kukwana pa kapaketiko. Ndinamuuza kuti mlimi wa pa sipuni akulipira kale mtengo wokwera pa galamu, kungoti akulandira katundu wakufa. Anakhala chete n'kulemba.

Madzulo agronomisti wawo anatitengera kuseri kwa fakitale ndi sipuleya ya kumsana kutionetsa kasakanizidwe, ndipo ndikulemba pano kuti muuzeko ena. Madzi ayambe kulowa, theka la thanki. Timibulu muyambe mwatithira m'kachidebe ka madzi pang'ono, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu tiphwasuke tokha, takasani ndi kamtengo osati dzanja, ndiye muthire mu sipuleya kudzera pa sefa ija ya pakamwa, dzazani madzi, khutchumulani. Ngati mukuphatikiza ndi a m'botolo a EC, ndipo lebulo ikulola, a timibulu ayambe ndipo abalalike kaye, chifukwa mafuta a EC akayamba kukuta kambulu kouma madzi salowanso, anatisonyeza ndipo zinatuluka zibuluma zonanda zimene zinatseka sefa pompo. Mukapuma pakati pa ntchito khutchumulaninso musanayambe, ndipo zosakaniza zisagone mu thanki. Kapimidwe nako, kachivindikiro ka botolo kodzaza mankhwala awa sikalemera mofanana ndi kodzaza ena, timibulu ta mu nsanja ndi ta mu extruder timasiyana kulemera, ndiye gwiritsani kasipuni kamene kabwera ndi paketiyo kapena sikelo.

Ananenanso chinthu chimene ndikufuna chimveke. Poti fumbi palibe ndipo fungo ndi lochepa, anthu amayesa mankhwalawa ndi ozizira, amatapa ndi manja. Mu kambulu ka 70 WG magawo 70 pa 100 ndi poizoni weniweni, kuposa a m'botolo ambiri. Magolovesi ndi masiki ndi zomwezo. Ndipo thiamethoxam wa mu Actara ndi imidacloprid wa mu Confidor amapha njuchi, ku European Union analetsa kuwathira pa mbewu za panja mu 2018, ndiye osapopera mbewu ikuchita maluwa, makamaka inu a mpendadzuwa, maungu ndi amene muli ndi ming'oma pafupi.

Loweruka

Tili mu sitima kubwerera ku Mumbai, tadutsa Surat, minda ya mpunga ndi nzimbe yadzaza madzi mbali zonse. M'mawa tisananyamuke bwana wa zamalonda uja anabwera ku hotelo ndi pepala la mitengo ya timapaketi tating'ono. Wakwera ndithu poyerekeza ndi paketi yaikulu, koma nditawerengera ndi mtengo umene anthu amagulira pa sipuni ku msika wa Lizulu kusiyana kwake si kwakukulu monga ndimaopera. Vuto ndi kuchuluka kwa oda imene akufuna kuti ayatse makina, dila m'modzi sangakwanitse, ndiye tagwirizana ndi anzathu a ku Zambia kuti aliyense akalankhule ndi anzake kwawo, ngakhale malebulo adzakhala osiyana poti dziko lililonse limalembetsa palokha. Ine ndaumirira kuti yathu malangizo a kasakanizidwe akhale m'Chichewa ndi zithunzi, osati Chingerezi chokha cha timalemba tosaoneka.

Masampulo sindinanyamule, mankhwala salowa m'dziko popanda chilolezo cha a Board, ndatenga mapepala okha a zotsatira za mu labu ndi chikalata chimene chikufunika polembetsa. Ma dila a ku Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Mchinji amene mukufuna kulowa nawo mu oda imeneyi ndipezeni ku shopu kuyambira Lachitatu, mubwere ndi chiwerengero cha mapaketi a WG amene munagulitsa sizoni yathayi komanso a mbewu zanji, kuti tidziwe mankhwala oyambira.